Funsani Tikuyankheni: Bwalo la Pakati pa Tauni

Makalata ambiri a mwezi uno, ochokera m'chigawo chathu cha Tete kuno ku Mozambique, akukamba za malo amodzi, ngakhale olemba akuwatchula mosiyana. A m'tauni akuti prasa, a kumudzi akuti bwalo. Ena akufuna mbiri yake, ena akudandaula kuti mitengo ikuuma, ena akuti malowo akulandidwa. Tawasonkhanitsa pamodzi chifukwa mayankho ake akulowana.

Akuluakulu, ndine mwana wa sukulu ya sekondale ku Ulongwe. Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba mbiri ya prasa. Agogo akuti prasa ndi ya Apwitikizi, ife tinali ndi bwalo. Kodi ndi zinthu ziwiri kapena chimodzi?

Mwana wathu, agogo akowo akuuza zoona, ndipo uyambe ndi iwo usanatsegule buku. Bwalo ndi lakale kuposa prasa. Mudzi wa Achewa unkakhala ndi malo osesa bwino pafupi ndi nyumba ya mfumu, kawirikawiri pansi pa kachere kapena mtengo wina wamthunzi. Apo ndi pamene milandu inkazengedwa anthu onse akumva, mfumu itakhala ndi nduna zake, ankhoswe akuyankhulira abale awo, wodandaula atapereka chabwalo. Apo ndi pamene uthenga wa maliro unkafikira. Tsiku lopanda nkhani amuna ankakhala pomwepo kusoka mphasa, kusema mipini ndi kusewera nchuwa, ndipo mwezi ukawala atsikana ankavinapo chitelera. Mfumu yopatsidwa mzinda ndiyo inali ndi mphamvu yochititsa chinamwali ndi gule wamkulu pabwalo pake. N'chifukwa chake mawu akuti bwalo anafalikira ku zinthu zatsopano: bwalo la milandu, bwalo la mpira, bwalo la ndege.

Angoni a Maseko, amene anakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870, anabwera ndi dongosolo lawo. Pakati pa mudzi wawo panali khola la ng'ombe, ndipo nkhani zikuluzikulu ndi ngoma zinkachitikira m'khola kapena pakhomo pake. Pangano la malire la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linadula dziko limeneli pakati, koma mabwalo a mbali zonse ziwiri akadali ofanana mpaka lero.

Prasa inabwera kudzera ku Zambezi. Tete anali msika wa amalonda achiswahili Apwitikizi asanakhazikikepo mu 1531, chifukwa golide wa ku ufumu wa Mwenemutapa ndi minyanga ya njovu yochokera kumpoto zinkakumana pamenepo. Apwitikizi anamangapo linga lotchedwa São Tiago Maior ndi tchalitchi, ndipo tauni yawo inakula motsatira kamangidwe ka kwawo: malo apululu pakati, ofesi ya boma, tchalitchi ndi masitolo m'mbali. Tete anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Malichi 1959. Matauni a kumtunda kuno anabwera mochedwa kwambiri, ndipo Ulongwe wako ankatchedwa Vila Coutinho mpaka ufulu utabwera.

Pa ntchito yakoyo, kusiyana kwenikweni ukuone pa kakhalidwe ka anthu. Pabwalo anthu amakhala mozungulira, maso kuonana, ndipo amene waomba m'manja n'kupatsidwa mpata amayankhula. Pamalo a kutsogolo kwa ofesi ya atsamunda anthu ankaima moyang'ana mbali imodzi, kumene kunali khonde ndi mbendera. Kumeneko ndi kumene ankawerengedwa pa msonkho, kumene ogwidwa chibalo ankadikira, asipayi, apolisi a atsamunda, atawazinga, ndipo mbalamatodya, thabwa lomenyera anthu m'manja, inkalira anthu akuona. Okalamba ena amene safuna kukhala pansi pafupi ndi ofesi ya boma mpaka lero sachita zimenezi mwangozi.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, malo omwewo anasanduka a misonkhano ya chipani ndi boma, ndipo mafumu anaikidwa pambali kwa zaka zambiri. Nkhondo yomwe inatha mu 1992 inabalalitsa midzi yambiri ya m'chigawo chino, anthu n'kuthawira ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Pobwerera, ambiri anazindikira malo a mudzi wawo ndi mtengo wa pabwalo, nyumba zitagwa kale. Boma linayambanso kuzindikira mafumu mwa lamulo mu 2000, ndipo Ulongwe anakhala munisipiyo, tauni yokhala ndi khonsolo yake, mu 2008. Choncho malo amene ukulembawo ali ndi makolo awiri. Ukafunse okalamba atatu kapena anayi, aliyense payekha, mafunso ofanana: kunali mtengo wanji, ofesi inali mbali iti, msika unali pati. Zimene agwirizana onse ulembe molimba mtima, zimene asiyana ulembe kuti asiyana.

Ine ndine mayi wa ku Furancungo. Bwanji Praça dos Heróis, bwalo la ngwazi, imangotsegulidwa pa masiku oika maluwa? Kodi munthu wamba saloledwa kukhalapo?

Mayi, malo amenewa anapangidwa kuti akhale a chikumbutso. Chitsanzo chake ndi Praça dos Heróis ya ku Maputo, yomangidwa ngati nyenyezi, kumene kunagonekedwa Eduardo Mondlane, Josina Machel, Samora Machel ndi ngwazi zina. Malikulu a zigawo ndi a maboma anatengera pomwepo, aliyense ndi chipilala chake chaching'ono.

Masiku amene mumaona nkhata za maluwa ali ndi zifukwa zake. Pa 3 Febuluwale tikumbukira Mondlane, amene anaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam mu 1969. Pa 7 Epulo ndi tsiku la amayi, tsiku limene Josina Machel anamwalira mu 1971. Pa 25 Juni ndi ufulu. Pa 7 Sepitembala ndi pangano la ku Lusaka la 1974, pa 25 Sepitembala ndi kuyamba kwa nkhondo ya ufulu mu 1964, ndipo pa 4 Okutobala ndi mtendere wosainidwa ku Roma mu 1992. Chigawo chino chili ndi zake zoti chizikumbukira pa masiku amenewa: nkhondo ya ufulu inayaka kuno kuyambira 1968, ndipo pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete.

Chipilala chenichenicho ndi masitepe ake n'zoyenera ulemu. Si poyanikapo zovala kapena kugulitsirapo mowa. Koma ife sitigwirizana ndi kutseka malo onse ndi loko chaka chathunthu. Mukawerenga, masiku a maluwa ndi ochepa kwambiri pa chaka, ndipo malo otsekedwa masiku ena onsewo amamera udzu, kenako amasanduka pobisalira anthu okodza ndi akuba. Malo amene amayi amapumapo pochokera kuchipatala, ana a sukulu n'kumawerengerapo, amadzilondera okha. Chothandiza n'kutchinga chipilala chokha ndi kampanda kakafupi, kofika m'chiuno, kwinako n'kusiya kotsegula, ndi mipando ndi mthunzi. Nkhaniyi mukhoza kuipititsa kwa mlembi wa bairo kapena kwa nthumwi zanu za m'khonsolo yolangiza boma.

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ku bairo ina ya ku Matundo, mumzinda wa Tete. Tinabzala mitengo 40 pabwalo lathu, yatsala itatu. Mabenchi achitsulo amene tinaika palibe amakhalapo. Tinalakwitsa pati?

Bambo, simunatiuze mwezi umene munabzala, koma mitengo yambiri ya pamabwalo imafa chifukwa imabzalidwa pa tsiku la mwambo osati pa nyengo ya mvula. Mtengo wobzalidwa mu Juni kapena Sepitembala ku Tete umakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, mizu isanagwire. Bzalani mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, nthaka itanyowa kuya kwa khasu lonse.

Dzenje likumbidwe mwezi umodzi nthawi isanafike, masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi, 60 kuya. Dothi lapamwamba muike padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kulowa m'dzenje. Manyowa a mbuzi aawisi amatentha mizu. Pulasitiki ya mbande ichotsedwe yonse, ndipo ngati mizu yapotana pansi, iduleni pang'ono ndi mpeni, apo ayi imapitiriza kuzungulira mpaka kudzipotola yokha. Musakwirire tsinde kupitirira pamene dothi la m'chubu linalekezera. Siyani beseni lozungulira mtengo, lotambalala mita imodzi, kuti madzi asathawe.

Chachiwiri ndi mbuzi. Mbuzi za ku Tete n'zotchuka pa nyama, koma pa mitengo n'zoopsa, ndipo imodzi imatha mbande khumi m'mawa umodzi. Mtengo uliwonse ukhale ndi chitetezo chake chotalika mita imodzi ndi theka: mitengo inayi yozikika ndi waya wa nkhuku, kapena njerwa zosanjikiza motalikirana kuti mphepo idutse, kapena nthambi zaminga za masau zomanga molimba. Chitetezo chachifupi mbuzi imaimirira ndi miyendo iwiri n'kudya nsonga, ndipo mtengo wodyedwa nsonga umaphuka ngati chitsamba.

Chachitatu ndi madzi. M'chilimwe choyamba ndi chachiwiri mtengo uliwonse ufuna chigubu cha malita 20 kawiri pa sabata, madzulo. Mitengo 40 ndi zigubu 80 pa sabata, ndipo apa ndi pamene makomiti ambiri amagonja. Kuli bwino kubzala 12, uliwonse n'kuupereka kwa banja kapena mwini banka woyandikana nawo, kusiyana ndi 40 ya aliyense. Phimbirani beseni ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimatsata udzuwo n'kulowa m'khungwa. Mpata wa chikhato chimodzi ndi phulusa pang'ono zimathandiza.

Mtundu wa mtengo nawo ndi nkhani. Mlambe ndi ulemerero wa chigawo chino, koma umakhala wopanda masamba m'miyezi imene mthunzi ukufunika. Ngati ulipo kale usadulidwe, koma musaudalire pa mthunzi. Nimu amakula msanga ndipo amapirira dzuwa, kungoti mizu yake imatukula simenti, choncho akhale mamita anayi kuchokera ku chilichonse chowaka. Bwemba amachedwa koma mthunzi wake ndi wa zidzukulu. Msikidzi sugwetsa masamba onse ndipo mthunzi wake ndi wakuda bii, koma umafuna malo amene madzi a pansi sali kutali. Ife tingasakanize: nimu kuti anthu apeze pokhala m'zaka zitatu kapena zinayi, bwemba pakatipakati kuti adzalowe m'malo. Mipata ikhale mamita 8 mpaka 10. A kumtunda, ku Angonia, Tsangano ndi Macanga, angabzale mbawa ndi kachere. Kachere amagwira ndi nthambi chabe yonenepa ngati mkono, yotalika mamita awiri, koma akhale mamita 15 kutali ndi nyumba, chimbudzi kapena paipi. Bulugamu asayandikire bwalo: amagwetsa nthambi mosachenjeza ndipo amaumitsa nthaka.

Za mabenchi, chitsulo pa dzuwa la ku Tete chimaotcha, komanso ogula zitsulo zakale amachikhumbira. Wakani miyendo iwiri ya njerwa, pamwamba muike silabu ya konkire yokhuthala masentimita 8 yokhala ndi zitsulo za mamilimita 8 mkati. Kasakanizidwe ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, zitatu za miyala yoswa. Benchi litalike masentimita 45 kuchokera pansi, pokhalapo patambalale masentimita 40. Silabu ithiriridwe masiku asanu ndi awiri itafundidwa ndi masaka onyowa. Ikauma msanga imang'aluka chaka chisanathe. Ndipo muone kumene mthunzi umagwera nthawi imene anthu amafuna kukhala. Dzuwa lopweteka ndi la masana kupita kumadzulo, lochokera kuzambwe, choncho benchi likhale kuvuma kwa mtengo. Mabenchi awiri oyang'anizana kapena okhota ngati chigongono amakopa anthu kuposa mzere wautali, poti anthu amabwera kudzacheza.

Chomaliza, musathire simenti bwalo lonse. Simenti imasunga kutentha mpaka usiku ndipo imamana mitengo madzi.

Gulu lathu la alimi ku Tsangano likufuna kuchita msonkhano waukulu pabwalo la kuboma. Tiyambire pati, ndipo tikonzekere chiyani?

Ufulu wosonkhana uli m'malamulo aakulu a dziko, gawo 51, ndipo kayendetsedwe kake kali m'lamulo nambala 9/91, lomwe linakonzedwanso mu 2001. Lamuloli likuti mudziwitse akuluakulu a boma ndi apolisi a m'deralo mwa kalata, kutatsala masiku osachepera anayi ogwira ntchito. Kalatayo isainidwe ndi anthu khumi okonza msonkhano, aliyense ndi dzina, ntchito ndi kumene amakhala, kapena ndi atsogoleri a bungwe ngati ndi bungwe lolembetsedwa. Mulembemo tsiku, ola, malo ndi cholinga. Loweruka, Lamlungu ndi maholide samawerengedwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Pitani ndi makope awiri, imodzi idindidwe ndi tsiku lolandirira n'kubwerera nanu. Ngati bwalo lili m'manja mwa munisipiyo kapena ofesi ya boma, funsaninso ngati tsikulo palibe ena analitenga. Mfumu ya deralo imve kuchokera kwa inu, pakhomo pake, isanamve kwa ena.

Yezani malo ndi mapazi kapena chingwe. Bwalo la mamita 40 kwa 30 ndi masikweya mita 1,200. Chotsanipo gawo limodzi mwa atatu la njira, poyankhulira ndi povinira, atsala 800. Anthu okhala pansi ndi mmodzi pa sikweya mita, ndiye kuti anthu 800. Oimirira ndi awiri, osapitirira apo ngati pali ana ndi okalamba. Siyani njira imodzi ya mamita anayi yodutsa mbali ina kukatulukira mbali ina, yoti galimoto ingalowe wina akadwala, ndipo muike anyamata oilondera chifukwa ogulitsa mandasi ndi a njinga amaitseka msonkhano usanayambe.

Madzi akumwa muwerengere lita imodzi pa munthu pa msonkhano wa maola atatu. Anthu 500 ndi zigubu 25 za malita 20, ndipo kuchigwa mu Okutobala muwirikize kawiri. Thiranimo Certeza, mankhwala oyeretsa madzi, motsata muyeso wolembedwa pabotolo, mudikire mphindi 30. Madzi azithiridwa kuchokera m'chigubu kapena pakampopi, osati kapu imodzi yomiza m'ndowa, pakuti kolera imayenda motero ndipo chigawo chino chinaiona kangapo. Zimbudzi zikhale chimodzi pa anthu 100, za amayi zichulukepo, zikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera ku chitsime kapena mjigo, kumunsi kwake, ndi madzi ndi sopo kapena phulusa pakhomo.

Masipika akwezedwe mamita awiri ndipo akhale kutsogolo kwa woyankhula. Maikolofoni ikakhala kutsogolo kwa sipika ndi pamene pamamveka kulira kolasa m'makutu kuja. Jenereta ikhale kumbuyo, mamita 20, pamthunzi, nthambo yake ifotseredwe kapena ipite pamwamba, ndipo petulo asathiridwe injini ili yotentha. Yesani zonsezi dzulo lake.

Nthawi isungidwe. Zimatiwawa kuona ana a sukulu ataimikidwa pa dzuwa kuyambira m'mawa kudikira alendo, mpaka ena kukomoka. Ana ndi okalamba apatsidwe mthunzi poyamba, ndipo aitanidwe pa ola limene mwambo uyambedi. Kwanu kumapiri vuto lina ndi mphenzi m'dzinja. Kukayamba kugunda, anthu asathawire pansi pa mtengo wautali wa pabwalo. Alowe m'nyumba zowaka kapena m'galimoto, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza.

Gogo wanu ndine, nyakwawa ya mudzi wina kufupi ndi Zobwe. Munthu wina wayamba kuwaka banka ya njerwa pakona pa bwalo lathu, akuti anagula malowo. Ena awiri akuyezanso. Ndichite chiyani?

Gogo, mwachita bwino kufunsa maziko akadali aafupi. M'dziko muno malo ndi a boma ndipo sagulitsidwa. Zili m'malamulo aakulu komanso m'lamulo la za malo nambala 19/97. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT. Lamulo lomwelo likuti mudzi umene wakhala ukugwiritsa ntchito malo mwa mwambo uli nawo kale ufulu umenewu ngakhale ulibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo umalandiridwa. Choncho kapepala kogulira kamene munthuyo ali nako sikangafafanize bwalo la mudzi.

Musagwetse chomangacho ndi manja anu, mungasandutse mlandu wa malo kukhala mlandu wowononga katundu. Itanani msonkhano pabwalo pomwepo, womangayo ndi amene akuti anamugulitsa akhalepo. Okalamba ayende malire a bwalo anthu akuona, wina alembe tsiku, zimene zanenedwa ndi mayina a mboni. Kalatayo ipite kwa mfumu yaikulu ndi kwa mkulu wa lokalidade, ndi pempho loti ntchito iime mpaka nkhani itathe. Ikakanika apo, pali khoti la m'dera ndi ofesi yoona za malo kuboma. Nkhani ikatha, ikani zizindikiro zosasuntha m'makona: timiyala ta konkire kapena kachere. Bwalo lopanda malire ooneka limadyedwa pang'onopang'ono, lero khasu limodzi, mawa mzere wa chimanga.

Komabe amalonda musawaone ngati adani. Malo odutsa anthu ngati kwanuko, kapena m'misika ya m'malire monga ku Lizulu ndi Calómuè, malonda ndiwo amabweretsa anthu, ndipo mayi wogulitsa tomato amaona zonse zochitika pabwalo kuposa mlonda. Chofunika ndi dongosolo: ogulitsa akhale m'mphepete, pa matebulo ndi zisakasa zonyamulika, pakati pakhale poyera, ndipo tsiku la mlandu, maliro kapena gule asunthe popanda kukangana. Njerwa ndi simenti zokha ndizo zikanizidwe. M'matauni a munisipiyo n'chimodzimodzi. Senya imene wogulitsa amalipira tsiku ndi tsiku ndi ya malonda, si umboni woti malowo ndi ake.

Pa zikondwerero za boma timaona gule wamkulu akuvina m'tauni. Ife a ku Chifunde tikuti gule ndi wa pabwalo la mfumu. Kodi si kupeputsa mwambo?

Funso lanu lili ndi maziko. Gule ndi wa mizimu, ndipo malo ake ndi maliro, mpalo, chinamwali ndi kulonga ufumu. Amishoni ndi atsamunda anamuletsa, ngakhale ufulu utabwera anakhala akunyozedwa kwa nthawi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuzindikira ngati chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, ndipo kuyambira pamenepo kuitanidwa kutauni kunachuluka. Ku Kulamba, kumene mafumu a kuno amapita kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, gule amavinanso pamaso pa khamu la alendo. Kuvina pagulu pakokha si kulakwa. Kulakwa kumabwera pamene okonza mwambo alamula gule ngati akuitanitsa gulu la oimba.

Pempho lidzere kwa mfumu ya mzinda, ndipo akuluakulu a kudambwe ndi atsabwalo ndiwo asankhe zilombo zopita. Zilipo zosayenera kutuluka pa chikondwerero wamba, monga Njovu, imene ndi ya maliro a mfumu ndi miyambo ikuluikulu. Akakana, okonza avomereze.

Malo ovinira akhale adothi. Gule amapalasa fumbi, ndipo pasimenti yotentha kapena pa miyala yoswa savinika. Sesani bwalo lozungulira la mamita 15 mpaka 20, muchotse minga, misomali ndi magalasi, muwaze madzi pang'ono kutatsala ola limodzi, osati mpaka matope. Oimba ng'oma akhale mbali imodzi ndi kamoto kowambira mbalule ndi mpanje, amayi oimba ndi kuomba m'manja akhale pafupi nawo kuti nyimbo ndi ng'oma zimvane. Pakhale liunde lotchingidwa bwino kumene osavinidwa safikako, ndi njira yake yolowera pabwalo yosadutsa pakati pa anthu. Ojambula ndi mafoni aime kumene atsabwalo awaika, ndipo kuliunde foni isaloze n'komwe. Wofuna kusupa apereke kudzera kwa wotsogolera chilombo. Masipika a nyimbo zina azimitsidwe gule akalowa.

Bwalo la msika wathu ku Domwe limasanduka matope dzinja lililonse, ndipo payamba chigwembe pakati. Tithire miyala?

Miyala yothira pamatope imamira. Yambani ndi kumene madzi akuchokera. Pitani mvula ikugwa mukaone: kawirikawiri ndi madenga a malata ozungulira bwalo ndi msewu wa kumtunda. Kumbani ngalande kumtunda kwa bwalo, yotambalala masentimita 50 ndi kuya 40, yopatutsa madzi kupita m'mbali, ndipo potulukira pake muyale miyala kuti pasakumbike. M'mphepete mwake bzalani vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Kenako bwalo likwezedwe pakati ngati msana wa ng'ombe, lizitsika masentimita awiri pa mita iliyonse kupita m'mbali. Thirani dothi lofiira la timiyala, lija amakonzera misewu, m'magawo a masentimita 10, gawo lililonse liwazidwe madzi ndi kutsenderedwa ndi chipika cholemera lina lisanabwere. Magawo awiri akwana. Dothi lothira nthawi imodzi mokhuthala limalimba pamwamba pokha, pansi n'kukhala lofewa, ndipo ngolo yoyamba ya mbatata ya kachewere imasiya mikwasa.

Chigwembecho musachikwirire ndi zinyalala za pamsika. Ikanimo timipanda ta miyala topingasa, totalika masentimita 30 mpaka 40, totsika pakati kuti madzi adutse pamwamba osati m'mbali, tozikika bwino m'makoma onse awiri. Dothi lidzadzaza lokha kumbuyo kwake. Ntchito yonseyi ichitike pakati pa Juni ndi Sepitembala, anthu atakolola, vetiva yekha ndiye adikire mvula yoyamba. Ngolo ndi magalimoto onyamula katundu apatsidwe polowera pamodzi pothira miyala, ndipo ngalande ifukulidwe mu Novembala chaka chilichonse.